Mwana wanga akukayesedwa gule wa ballet ku Blantyre: ndimuveke chiyani?

"Zikomo aphunzitsi. Ndine mayi wa ku Nchalo m'boma la Chikwawa. Mwana wanga wamkazi wa zaka 10 wakhala akuphunzira ballet kwa chaka ndi miyezi ingapo kwa mphunzitsi wina amene amabwera Loweruka pa holo ya kuno. Tsopano wamulembetsa kuti akayesedwe ku Blantyre mu Novembala, kumene akukasankha ana oti apitirize maphunziro a guleyu mothandizidwa. Kuno amavina ndi kabudula ndi T-sheti, wopanda nsapato. Kalata yomwe atipatsa yangoti abwere ndi leotard, tights ndi nsapato za ballet. Zinthu zimenezi sindizidziwa. Pa kaunjika ndaona kadiresi kofufuma ka pinki ndi nsapato zija amaimira pa zala, kodi ndigule? Komanso bambo ake ndi agogo ake akuti chovala chothina chotere n'chochititsa manyazi kwa mwana wamkazi. Ndalama zanga n'zochepa, koma sindikufuna kuti mwana wanga akanyozeke pakati pa ana a m'tauni."

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale pansi. Zomwe mwana wanu akufunika si zambiri, ndipo zinthu ziwiri zomwe mumati mutayirepo ndalamazo n'zosafunika n'komwe. Ndaphunzitsa ana guleyu kwa zaka zambiri, ndakhalaponso pa tebulo la osankha, choncho ndiyambe ndi zomwe maso athu amafuna tikakhala pamenepo, chifukwa nkhani yonse ya zovala yagona pomwepo.

Mwana wa zaka 10 sitimuyembekezera kuchita zodabwitsa. Timayang'ana ngati msana ukuima mowongoka, ngati miyendo ikutembenukira kunja kuchokera m'chiuno osati m'mawondo, ngati bondo likuwongoka lonse akatambasula mwendo, mmene phazi likupindikira akaliloza pansi, ndiponso ngati akumva nyimbo ndi kugwira msanga zomwe wauzidwa. Zonsezi zimaoneka pathupi. T-sheti yaikulu imabisa msana, kabudula wotaya amabisa mawondo, ndipo wosankha sangapereke malikisi pa chinthu chomwe sakuchiona. Palinso chifukwa china choposa malikisi. Mwana amene amapotoza bondo kuti mapazi aoneke otembenuka amadzavulala m'tsogolo, ndipo mphunzitsi amagwira zimenezi pokhapokha ngati bondolo likuoneka. Ndiye chovala chabwino cha tsikulo ndi chogwira thupi, chopanda zokongoletsa, choti mwana akachivala aiwale kuti wachivala.

Kadiresi kofufumako ndi tutu, chovala cha pa siteji tsiku la chionetsero. Kumayeso kamangobisa chiuno chomwe osankha akufuna kuona. Kasiyeni.

Nsapato zoimira pa zalazo ndiye ndikukupemphani ndi mtima wonse, musagule, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo motani. Zimatchedwa pointe. Mafupa a phazi la mwana wa msinkhu umenewu sanakhwime, kumapeto kwake kuli mbali zofewa zomwe zikukulabe, ndipo kusenzetsa thupi lonse pa nsonga za zala nthawi isanakwane kungapotoze zala kapena kuvulaza akakolo. Kawirikawiri mtsikana amayamba pointe ali ndi zaka 11 kapena 12, atavina kale zaka zingapo, kangapo pa sabata, ndipo woweruza kuti wakonzeka ndi mphunzitsi, osati kholo kapena mwana mwini. Kuwonjezera apo, nsonga ya nsapatoyi imapangidwa ndi nsalu ndi mapepala zomatidwa ndi guluu. Thukuta limafewetsa guluuyo, moti ovina akuluakulu amatha kumaliza peyala imodzi pa chionetsero chimodzi. Yomwe yafika m'belo la kaunjika inafa kale, inatengera phazi la munthu wina, ndipo singagwire phazi la mwana wanu. Ikakhala m'nyumba, mwana adzaiyesa inu mutachokapo. Ndi chifukwa chake ndikuti isalowe n'komwe pakhomo.

Nsapato zomwe kalata ikunena ndi zofewa, zopanda chidendene, ndipo ngati pali pomwe muyenera kuikapo ndalama ndi pamenepa. Zilipo za chikopa ndi za nsalu yolimba ya canvas. Zachikopa zimakhalitsa, makamaka pa simenti ya m'maholo athu yomwe imadya nsalu msanga, komanso zimalimbitsa phazi chifukwa mwana amalimbana nazo pang'ono poloza phazi. Za canvas n'zotsika mtengo, zimapitisa mphepo ndipo zimachapika, zomwe si zinthu zazing'ono kuchigwa kuno kotentha. Pansi pake, zina zili ndi kachikopa kamodzi koyambira kuzala mpaka kuchidendene, zina kachikopako n'kogawika pawiri. Kwa mwana amene wavina chaka chimodzi wopanda nsapato, ine ndingasankhe za kachikopa kamodzi. Zogawikazo zimakongoletsa phazi, koma zimathandiza kwambiri amene phazi lake linalimba kale.

Pa saizi m'pamene makolo ambiri amaphonya, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Tinazolowera kugulira mwana nsapato ya kusukulu yokulirapo kuti akuliremo. Ya ballet siitero. Iyenera kugwira phazi ngati sokosi. Ikakula, imapanga makwinya kutsogolo, phazi limaoneka lopanda mphamvu ngakhale lili nazo, ndipo mwana amakokota zala mkati kuti isavuke, chizolowezi chomwe chimavuta kuchotsa. Ikathina, zala zimapindika ndipo zikhadabo zimapweteka. Yoyenera ndi yomwe mwana ataima, zala zonse zagona chogona pansi ndipo chala chachitali changokhudza kutsogolo.

Popeza mwina muitanitsa osayesa, chitani motere. Madzulo, pomwe mapazi amakhala atatupirako ndi kuyenda kwa tsiku, muimikeni pa pepala, mulembe mozungulira mapazi onse awiri ndi pensulo yoimirira, kenako muyeze masentimita kuchokera kuchidendene mpaka ku chala chachitali. Tengani muyeso wa phazi lalikulupo. Musatchule nambala ya nsapato yake ya kusukulu, chifukwa makampani ngati Bloch, Capezio ndi Sansha aliyense ali ndi manambala akeake, ndipo sagwirizana ndi a nsapato wamba. Musanaitanitse kwa anthu opita ku Johannesburg, yambani mwafunsa mphunzitsi wake. Aphunzitsi ambiri timasunga katoni ya nsapato zomwe ana ena zinawachepera, ndipo nsapato yofewa yovalidwapo ilibe vuto ikakhala yoyera ndi yosabooka. Itanitsani msanga, padakali masabata angapo, kuti ikabwera yosakwana papezeke mpata wosintha.

Nsapato zina zimabwera lasitiki wake asanasokedwe. Pindani chidendene cha nsapato kulozetsa kutsogolo, ndipo pomwe m'mphepete mwapindikira mbali zonse ziwiri m'pomwe musokere lasitikiyo, mkati, ndi ulusi wa mtundu womwewo. Samalani kuti singano isabaye kachingwe koyenda m'mphepete mwa nsapato. Kachingweko mukakoke pang'ono, mumange, nsonga zake muzilowetse mkati. Chachikulu, mwana avale nsapatozi m'kalasi kawiri kapena katatu tsikulo lisanafike. Phazi lozolowera kugwira simenti lokha limadabwa likalowa mu nsapato, ndipo pansi pa matabwa kapena pa kapeti ya pulasitiki ya m'nyumba zovinira pamamveka poterera. Asayeserere pa simenti yopaka polishi kunyumba, ndipo asapondenso nazo panja.

Leotard ndi chovala chimodzi chogwira thupi kuchokera m'mapewa mpaka m'chiuno, chofanana ndi chosambira cha atsikana. Kalata ikapanda kutchula mtundu, tengani yakuda kapena ya mtundu umodzi woderapo. Thukuta silionekera kwambiri pa yakuda, ndipo mwana wa kuchigwa amatuluka thukuta ndithu. Sankhani ya manja aafupi kapena ya zingwe zazikulu za m'mapewa, chifukwa tizingwe tating'ono timatsetsereka ndipo mwana amatha mayeso onse akukoka. Muyeso wofunika kwambiri si wa m'chiuno. Ikani tepi paphewa, mudutsitse kutsogolo, pakati pa miyendo, n'kukwera kumsana mpaka paphewa pomwe munayambira. Muyeso umenewu ukachepa, chovala chimakoka mapewa ndi kukwera m'matako. Ukakula, chimalendewera pansi.

Apa kaunjika angakupulumutseni. M'mabelo a zovala za ana mumapezeka zosambira za mtundu umodzi komanso zovala za masewera olimbitsa thupi zomwe n'chimodzimodzi ndi leotard. Ikhale yopanda zolembalemba, yopanda zonyezimira, yopanda mabatani pansi, yosadulidwa mokwera kwambiri m'ntchafu. Ikokeni ndi manja awiri muli pomwepo. Ikamveka kuthetheka mkati kapena ikapanda kubwerera mwakale, lasitiki wake anapsa. Iyang'aneninso padzuwa mutaikoka, chifukwa ina imaonetsa mkati ikatambasuka. Kwa telala zingatheke, koma pokhapokha ali ndi nsalu yotamuka ndi makina osoka mokhotakhota kapena a overlock. Msoko wowongoka wa makina wamba umaduka mwana akangodumpha, ndipo chitenje, ngakhale chikongole bwanji, sichitamuka. Mukapeza, mwana avale, akweze manja, awerame kugwira pansi, akhale chonjuta, adumphe. Dzanja lake likangopita kukakonza penapake, dziwani kuti sichinamukwane.

Za tights, zomwe ndi chovala chotamuka chonga masitokingi, chogwira thupi kuchokera m'chiuno mpaka kumapazi, ndikhalapo pang'ono, chifukwa zimandikhudza. Kwa nthawi yaitali, tights ndi nsapato za atsikana zinkapangidwa za pinki kuti zifanane ndi khungu la azungu, mwendo uoneke wopitirira kuchokera m'chiuno mpaka ku chala. Pa mwana wakuda, pinki amachita zosiyana: amadula thupi pawiri, kumtunda mtundu wina kumunsi mtundu wina. Gulu la Dance Theatre of Harlem, lomwe Arthur Mitchell anayambitsa ku New York mu 1969 pamodzi ndi Karel Shook, linayamba m'zaka za m'ma 1970 kuveka ovina ake tights ndi nsapato zofanana ndi khungu la aliyense. Ngakhale zinali choncho, ovina akuda ambiri anapitiriza kupaka nsapato zawo ndi zodzoladzola za kumaso kuti zide, mpaka posachedwapa. Kampani ya Freed of London inatulutsa nsapato za pointe zabulawuni mu 2018, mogwirizana ndi gulu la Ballet Black la ku London. Lero masukulu ambiri amalola mitundu yonse iwiri. Ine ndimakonda mwana atavala zofanana ndi khungu lake, nsapato ndi tights zikhale mtundu umodzi. Koma lamulo ndi la eni mayeso. Imbani nambala yomwe ili pakalatayo mufunse, ndipo akati pinki, muvekeni pinki. Zabulawuni zikasowa pamsika, pinki si cholakwa ndipo sangamuchotsere malikisi.

Ngati mungapeze tights zokhala ndi kabowo pansi pa phazi, tengani zimenezo, chifukwa osankha nthawi zambiri amauza ana kuti avule nsapato aone mapazi enieni, ndipo mwana amangopinda tights mpaka m'kakolo. Masitokingi opyapyala a amayi amang'ambika msanga, musadalire amenewo. Tights zimavalidwa mkati, leotard pamwamba. Kabudula wamkati akhale wopyapyala, wa mtundu umodzi ndi leotard kapena wofanana ndi khungu, wosatulukira m'mbali. Ngati mabere ayamba kuphuka, funani leotard yokhala ndi nsalu ziwiri kutsogolo. Mtsikana amene akuopa kuti akuonekera amapinda mapewa kuti abise chifuwa, ndipo osankha amaona msana wopindikawo osadziwa chifukwa chake.

Tsopano za bambo ake ndi agogo. Musalimbane nawo, chifukwa nkhawa yawo ndi ya anthu okonda mwana, ndipo kwathu kuno mtsikana amaphunzitsidwa kudzilemekeza pa kavalidwe kuyambira ali wamng'ono. Afotokozereni kuti ichi ndi chovala cha ntchito, chovalidwa m'chipinda chophunzirira basi, monga mmene atsikana a timu yathu ya ntchemberembaye ya Queens amavalira zazifupi m'bwalo koma osayenda nazo mumsika. Mwana achoke pakhomo atavala diresi lake kapena atamanga chitenje, ndipo akatuluka m'chipindamo avalenso asanafike pakhonde. Pofunsa za mtundu wa tights, funsaninso ngati amalola kasiketi kakafupi kopepuka komanga m'chiuno, kapena kakabudula kakuda kogwira thupi pamwamba pa leotard. Ambiri amalola kwa ana, ena amangopempha kuti kavulidwe pa mbali ina ya mayeso. Bambo ake ndi agogo apite Loweruka lina akaonere kalasi, akamve okha mphunzitsi akukonza bondo ndi msana. Ndaona mitima yambiri ikufewa pakhomo la holo kusiyana ndi pa mkangano wa kunyumba. Mufunsenso mwana mwini mmene akumvera, ndipo ayambe kuvala chovalachi m'kalasi ya kuno kuti manyazi athere pakati pa anzake owazolowera.

Nkhawa ya akuluakuluwo ili ndi mbali ina yomwe ndikugwirizana nayo kwathunthu. Mayeso ena amafuna zithunzi kapena kanema wa mwana atavala leotard. Zimenezi mujambule nokha kapena mphunzitsi inu muli pomwepo, ndipo zitumizidwe ku adiresi ya sukulu yomwe yalembedwa pakalata, osati pa WhatsApp ya munthu amene simukumudziwa. Tsiku la mayeso mupite naye inuyo kapena mayi wina wachibale, mumuthandize kuvala. Pasapezeke wamkulu wotengera mwana kuseri yekha ponena kuti akamuyeze thupi. Wina akapempha zithunzi za mwana mwachinsinsi, kapena akauza mwana kuti asakuuzeni, lekani zonse ndipo mukanene ku polisi kapena muimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Novembala ndi nthawi yomwe kuchigwa kumatentha kupitirira madigiri 40, ndiye mwana asakwere minibasi atavala tights mkati. Pofika pa Thabwa, galimoto isanayambe n'komwe kukwera zitunda, zikhala zitanyowa kale, ndipo nsalu ya nayiloni yonyowa imatupula m'mphechepeche. Zonse zikhale m'kachikwama, akavale akafika. Blantyre ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 ndipo kukagwa mvula kumazizira kwa mwana wozolowera kutentha kwa Nchalo, choncho tengani kajuzi koti avale podikira, minofu isazizire asanalowe. Botolo la madzi lisasowe. Ngati muli ndi wachibale kumeneko, pitani dzulo lake mukagone, kuti asakavine ndi miyendo yowuma ndi ulendo.

Pochapa, madzi ozizira ndi sopo wochepa, osafinya mopotokola, osasita, chifukwa moto umapsereza lasitiki. Dzuwa la kuno nalonso limapsereza. Yanikani pachingwe m'nyumba, osati pansi kapena pa udzu, popeza zovala zosasitidwa zoyanikidwa pansi ndi zomwe zimabweretsa mphutsi za pakhungu. Ngati mjigo wanu uli wa madzi amchere, monga ilili ina m'chigwa muno, tsukuluzani ndi madzi opanda mchere, apo ayi pa chovala chakuda pamatsala mizere yotuwa.

Tsitsi lisakudetseni nkhawa. Ngati ndi lometa monga amafunira kusukulu, n'labwino kale, chifukwa chofunika n'choti khosi ndi nkhope zioneke. Ngati ndi lalitali, mulukeni mizere yokwera kumtunda n'kumanga kampira kamodzi kumbuyo, opanda mikanda kapena tsitsi loikirira lolemera lomwe limamenya kumaso akamazungulira. Lukani padakali masiku awiri kapena atatu kuti mutu usiye kuwawa. Ndolo, zibangili ndi za m'khosi zitsale, zikhadabo ziwengedwe. M'mawa wa tsikulo musamudzoze mafuta m'miyendo ndi m'mapazi. Ndikudziwa kuti mayi aliyense safuna mwana atuluke wotuwa, koma mafuta amatsala pansi akakhala kapena akavula nsapato, ndipo amagwetsa iye ndi anzake. Mumudzoze usiku wa dzulo lake.

Mapaziwo muwayang'ane kuyambira pano. Ming'alu ya kuchidendene imakola tights ndi kuzing'amba, ndiye muzinyika mapazi m'madzi ofunda madzulo n'kupaka mafuta. Mukaona zilonda zoyera zonyerenyetsa pakati pa zala, chikhadabo cholowa m'mnofu, kapena matuza otulutsa mafinya, pitani kuchipatala msanga, chifukwa mu nsapato yotseka ndi kutentha zimakula. Chimodzimodzi ngati akudandaula kupweteka kwa chidendene, bondo kapena chiuno komwe sikukusiya atapuma masiku angapo, kapena akutsimphina akamaliza kalasi. Kudumpha pa simenti kumapweteka mafupa a ana amene akukula. Musamumwetse mankhwala opha ululu kuti akavine. Akamuone a dokotala ku chipatala cha boma cha Chikwawa, ndipo iwo ndi amene angamutumize kwa akatswiri a mafupa ku Blantyre zikafunika.

Za kunyozeka pakati pa ana a m'tauni, inde mukapeza ena atavala zatsopano za mayina. Osankha odziwa ntchito saweruza zimenezo. Mu 2020 mnyamata wa zaka 11 wa ku Lagos, Anthony Madu, anajambulidwa akuvina ballet pa konkire mvula ikugwa, wopanda nsapato, ndipo aphunzitsi a kunja amene anaona kanemayo anaona miyendo ndi msana wake. Pambuyo pake anakaphunzira ku Elmhurst Ballet School ku Birmingham. Sindikunena kuti mwana aliyense zidzamuyendera chomwecho, koma zomwe iwo anayang'ana ndi zomwezo akayang'ane mwa mwana wanu.

Ndipo zikachitika kuti tsiku layandikira nsapato zisanafike, musamuletse ulendo, komanso musabwereke zazikulu kuti angooneka wavala. Uzani mphunzitsi wake aimbire okonza mayeso padakali masiku, awafotokozere kuti mwanayu akuchokera ku Nchalo ndipo wakhala akuphunzira wopanda nsapato. Nthawi zambiri amamupezera peyala pamalopo, kapena amamulola kuvina ndi mapazi okha. Masokosi wamba okha asavine nawo pokhapokha atauzidwa kutero, chifukwa pa matabwa amaterera kwambiri.